Kutsatsa LibreOffice ku Dedza ndi ku Ntcheu: positala, wailesi, WhatsApp kapena fulashi m'manja?

Nkhaniyi ndi ya inu amene mwatulukira pulogalamu ya mu ofesi yosalipira laisensi ndipo mukufuna kuti anzanu aidziwe: mphunzitsi wa Computer Studies, kalabu ya achinyamata pa boma, mlembi wa kabungwe kakang'ono ku Linthipe kapena ku Kampepuza. Ndalama zili m'thumba n'zochepa, njira zotsatsira n'zingapo, ndipo simungazigwire zonse nthawi imodzi.

Pulogalamu yake ndi LibreOffice. Inayamba mu 2010 pamene ena mwa omwe ankapanga OpenOffice.org anapatuka n'kuyambitsa bungwe la The Document Foundation, lomwe likulu lake lili ku Berlin. Muli Writer yolembera makalata, Calc yowerengetsera ndalama ndi malikisi, Impress yokonzera zoonetsa pa pulojekita, komanso Draw yojambulira, Base yosungira nkhokwe ya deta ndi Math yolembera zizindikiro za masamu. Imatsegula ndi kusunga mafayilo a docx, xlsx ndi pptx, imatulutsa PDF, ndipo ikangolowa m'kompyuta intaneti siifunikanso. Laisensi yake imalola aliyense kuikopera, kuigawa, ngakhale kuisintha. Apache OpenOffice nayo ikadalipo koma zatsopano zimabweramo mwa apo ndi apo, tsono musasokoneze anthu ndi mayina awiri. Tsatsani imodzi basi.

Pali chinthu choti tigwirizane tisanawononge ndi tambala yomwe. Kuno kwathu kulengeza kuti "pulogalamu yaulere" sikugwedeza munthu. Laputopu yogula ku Lilongwe kapena yobwera ndi mlamu kuchokera ku Johannesburg nthawi zambiri imafika ili kale ndi Word ndi Excel, ndipo mwini wake sanalipirepo kanthu. Zambiri mwa izo ndi zomwe anyamata okonza makompyuta amati za crack, ndiko kuti zoikidwa mwakuba popanda kugula laisensi. Kwa munthu ameneyo yaulere ali nayo kale. Chomwe chimamusowetsa mtendere ndi china: kamzere kaja kamatuluka pamwamba pa Word kakuti Product Activation Failed, kompyuta n'kukana kuti alembe tsiku lomwe lipoti likufunika, antivirus yomwe anaithimitsa kuti crack ilowe ndipo palibe anaiyatsanso, mantha a bungwe pamene opereka thandizo afunsa za malaisensi. Njira yolipira nayo yatalikira ambiri, paja Microsoft 365 amalipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka pa mtengo wotsatira ndalama zakunja, ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Onjezerani kuti Office 2016 ndi Office 2019, zomwe zadzadza m'maofesi muno, zinasiya kulandira zokonza zachitetezo pa 14 October 2025. Uthenga wanu uchokere pa zowawa zimenezi. Za ulere zibwere kumapeto.

Miyeso yomwe ndagwiritsa ntchito

Njira iliyonse ndaiyeza ndi mafunso anayi. Mtengo: ndalama ndi nthawi zomwe zipite. Kupezeka: kodi njirayo ilipo pafupi, nanga imafika kwa anthu omwe ali ndi makompyuta? Pamenepa ndi pofunika kwambiri, chifukwa kufikira anthu ambiri omwe alibe kompyuta n'kungosangalatsa mtima. Kusamalira: ntchito yomwe imatsala mukatha kulengeza. Pogona ngozi: zomwe zingakubwezereni m'mbuyo. Pamwamba pa zonsezi ndimafunsanso kuti munthu akamva uthengawo atsala ndi mtunda wotani kuti pulogalamuyo ikhale m'kompyuta mwake. Fayilo yoikira pa Windows imaposa 300 MB, ndipo kwa munthu wodalira bandulo ya Airtel kapena TNM, ameneyo ndi mtunda weniweni.

Mapositala ndi timapepala togawa

Mtengo: ndi wotsika ngati musindikiza pa pepala la A4 lakuda ndi loyera pa malo otaipira apafupi. Zamitundu ndi zazikulu zimakwera msanga, ndipo chikwangwani cha m'mbali mwa M1 chimafuna mlembi wa zikwangwani, utoto, chitsulo ndi chilolezo cha khonsolo. Kalabu yaing'ono ichisiye chimenecho.

Kupezeka: pa boma la Dedza ndi la Ntcheu osindikiza alipo, ngakhale magetsi akathima mudikira. Funso ndi pomata. Positala ya pa mtengo wa pa msika wa Lizulu idzaonedwa ndi anthu ambirimbiri ogula kabichi ndi mbatatesi, koma ndi angati mwa iwo ali ndi laputopu? Positala yomweyo ikakhala pa bolodi la m'chipinda cha aphunzitsi, pa khomo la malo osindikizira, kapena pafupi ndi makoleji monga la aphunzitsi la St Joseph's ku Bembeke ndi la zankhalango ku Chongoni, aiona ochepa koma oyenera. Pemphani chilolezo kwa akuluakulu a pamalopo musanamate.

Pa kalembedwe, ambiri amalakwitsa pofuna kunena zonse. Mutu ukhale umodzi, wowerengeka munthu ali chiimire patali, monga wakuti "Word yanu ikukana kulemba?" M'munsi mwake dzina la pulogalamu, kenako chochita chimodzi: "Bwerani ndi laputopu Loweruka, tikuikirani." Malo, nthawi, nambala ya foni ya kalabu. Chithunzi chabwino ndi cha kalata ya Chichewa yolembedwa mu Writer, osati mzungu womwetulira wotengedwa pa intaneti. Ndipo positalayo muipange mu Draw kapena Writer momwemo, kuti wina akafunsa muyankhe kuti ndi ntchito ya pulogalamu yomwe mukutsatsayo.

Kusamalira: kuyambira December mpaka March mvula imanyowetsa pepala lililonse losakutidwa ndi pulasitiki, ndipo nkhungu ya ku Dedza m'miyezi yozizira nayo siisiya pepala louma. Ena amamata zawo pamwamba pa zanu. Pafunika munthu woyendera.

Pogona ngozi: positala yotchula tsiku lomwe linadutsa kale imaonetsa ngati gulu linatha. Musaikepo zizindikiro za Word kapena Excel, ndi za eni ake. Chizindikiro cha LibreOffice nacho ndi cha The Document Foundation: chigwiritseni mmene chilili, osachisintha, ndipo musadzionetse ngati nthambi yawo.

Wailesi

Mtengo: wailesi zofika dziko lonse monga MBC, Zodiak ndi Times zimalipiritsa molingana ndi utali wa uthenga ndi nthawi youlutsira, ndipo kamodzi sikakwana, uthenga wa pa wailesi umalowa m'mutu ukabwerezedwa. Wailesi za m'dera, monga ya Bembeke, ndi zofikirika kwa gulu laling'ono. Palinso mtengo wojambulira mawu.

Kupezeka: palibe njira ina yomwe imafika ku Mayani, ku Golomoti kapena ku Kasinje ngati wailesi. Koma pa omvera onsewo, eni makompyuta ndi ochepa kwambiri, ndipo pulogalamu ya kompyuta ndi chinthu choona ndi maso. Dzina lenilenilo ndi lovuta kulimva: munthu akamva "LibreOffice" kamodzi sangathe kulilemba. Choncho wailesi isafotokoze pulogalamu. Iitane anthu ku malo ndi tsiku.

Kasewero kafupi kamagwira kuposa kuwerenga chilengezo. Mwachitsanzo mlembi wa pasukulu akuti, "Ahedi, kompyuta ija yakananso, malikisi a Fomu 2 sakulembeka." Ahedi n'kuyankha, "Madamu, musavutike, Loweruka mupite nayo ku holo, akakuikirani ina yosafunsa laisensi." Basi, kenako malo ndi nthawi, kawiri.

Kusamalira: ndalama ikatha uthenga nawo watha. Foni yomwe mwatchula ikhale ndi woiyankha, chifukwa adzaimba ndi ofuna kukonzetsa foni omwe.

Pogona ngozi: kuika nyimbo ya woimba wina pansi pa uthenga popanda chilolezo kungakukanganitseni ndi eni nyimbo ndi a COSOMA, zomwe zingakhale zamanyazi kwa anthu olalikira zoti tisiye zakuba. Njira yabwinoko n'kupempha mpata pa pulogalamu ya achinyamata kapena ya maphunziro, pomwe omvera amaimba n'kufunsa. Zimenezi nthawi zina zimatheka mosalipira zambiri.

WhatsApp ndi Facebook

Mtengo: kutumiza ku magulu a WhatsApp kumangodya bandulo. Kulipira Facebook kuti ikankhe uthenga kumafuna khadi la ku banki lolipirira zinthu zakunja, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zikusowera, si aliyense angakwanitse.

Kupezeka: apa ndi pomwe eni makompyuta ali. Aphunzitsi a zoni imodzi ali ndi gulu lawo, alembi a mipingo ali ndi lawo, ogwira ntchito m'mabungwe, ophunzira a m'makoleji, onse. Chomwe chimayenda bwino ndi kavidiyo kafupi kojambula sikirini: fayilo ya docx ikutsegulidwa mu Writer, dzina likusinthidwa, batani la PDF likudinidwa, mawu a Chichewa akufotokoza. Kakhale kopepuka, poti ambiri anathimitsa zoti mavidiyo azitsika okha ndipo amayamba aona kukula kwake asanadine. Chithunzi chimodzi chokhala ndi mawu ochepa chimaposa ndime zisanu.

Koma pali phompho. Munthu akuwerenga uthenga pa foni pomwe pulogalamu ikufunika pa kompyuta, ndipo bandulo yotchipa ya WhatsApp yokha siitsegula tsamba la libreoffice.org. Uthenga wongoti "tsitsani apa" umathera pomwepo. Muuzeni komwe angakaitenge ndi fulashi. Ena adzafunsa za pa foni: yankho loona n'lakuti LibreOffice yeniyeni ndi ya pa kompyuta, koma pa Android pali Collabora Office yomwe inachokera ku LibreOffice yomweyo. WPS Office yomwe ambiri ali nayo m'mafoni ndi yosalipira poyamba, koma laisensi yake siilola aliyense kuisintha ngati ya LibreOffice. Ndi ya kampani ndipo ili ndi zigawo zolipira.

Kusamalira: mafunso amabwera usiku ndi usana, ndipo funso losayankhidwa m'gulu la anthu ambiri limaoneka ndi onse. Sankhani awiri odziwa bwino kuti azisinthana.

Pogona ngozi: anthu anapsa kale ndi mauthenga achinyengo olonjeza bandulo yaulere kapena ndalama za pa Mpamba ndi Airtel Money. Uthenga wa "yaulere, dinani apa" umafanana ndi amenewo ndendende. Utumizidwe ndi munthu wodziwika m'gululo, m'mawu ake, ndipo adilesi ikhale yeniyeni ya libreoffice.org, osati yofupikitsidwa. Musatenge manambala a anthu n'kuwaika m'gulu lomwe sanapemphe.

Chionetsero pamaso pa anthu, fulashi ili m'manja

Njira iyi ndimaikonda kuposa zitatu zapitazi, ndipo sindibisa.

Mtengo: chipinda, magetsi, mafulashi angapo, mayendedwe, mwina zoziziritsa kukhosi. Pulojekita mutha kubwereka kusukulu kapena ku tchalitchi; ikasowa, anthu khumi amatha kuzungulira laputopu imodzi. Chodula kwenikweni ndi nthawi yanu. Mutsitse fayilo yoikira kamodzi kokha, kenako izingoyenda pa fulashi. Laisensi imalola zimenezi popanda malire.

Kupezeka: kumafika kwa ochepa pa tsiku, koma aliyense amabwerera kwawo pulogalamu ili m'kompyuta. Malo abwino ndi omwe anthu asonkhana kale pa zifukwa zawo: msonkhano wa aphunzitsi ku TDC (malo omwe aphunzitsi a zoni amakumanira), maphunziro a alembi ndi asungichuma a mpingo, tsiku lotsegulira teremu pa sukulu yophunzitsa kompyuta.

Chinsinsi cha chionetsero n'kusagwiritsa ntchito mafayilo anu okonzeratu. Wogula mbatatesi pa Tsangano sakhutira ndi zazikulu za pamwamba pa ndowa, amafuna aone za pansi. Uzani anthu abwere ndi mafayilo awo: kalata yokhala ndi chidindo cha sukulu pamwamba, ndandanda ya malikisi, bajeti ya kwaya. Atsegule okha. Mafayilo ambiri adzatseguka bwinobwino. Ena adzasuntha pang'ono, tebulo kutsikira pa tsamba lachiwiri, mzere kudumpha. Musachite manyazi, fotokozani chifukwa chake. Kawirikawiri ndi mafonti: fayilo inalembedwa ndi Calibri kapena Cambria, ndipo kompyuta yomwe ilibe mafonti amenewo imaikapo ena. Alipo aulere ofanana nawo muyeso, Carlito m'malo mwa Calibri, Caladea m'malo mwa Cambria, ndi a Liberation m'malo mwa Arial ndi Times New Roman. Munthu akaona vuto likukonzedwa pamaso pake amakhulupirira kuposa akanaona zonse zili myaa.

Musanamulole kunyamuka, chitani zinthu ziwiri pa kompyuta yake. Choyamba, pitani ku Tools, Options, Load/Save, General, musankhe kuti izisunga mu docx ndi xlsx ngati amatumizirana mafayilo ndi anthu a Word. LibreOffice payokha imasunga mu odt ndi ods, mtundu wa OpenDocument womwe unavomerezedwa ndi ISO mu 2006, ndipo ngakhale Word ya masiku ano imautsegula, wolandira akaona dzina lachilendo amangoti fayilo yawonongeka. Chachiwiri, kwa wozolowera maonekedwe a Office yatsopano, pitani ku View, User Interface, musankhe Tabbed. Nkhope yake imamasuka pomwepo.

Kusamalira: mtundu watsopano umatuluka kawiri pa chaka, mu February ndi mu August, choncho fulashi yanu isakalambe. Sungani mitundu iwiri, watsopano ndi wakale, chifukwa makompyuta ambiri a m'sukulu ndi olandira, akale, ndipo kuyambira pa mtundu wa 25.8 LibreOffice siigwiranso pa Windows 7 ndi 8. Pakatha milungu ingapo muwaimbire omwe munawaikira.

Pogona ngozi: fulashi yolowa m'makompyuta makumi awiri tsiku limodzi imatola mavayirasi, ndipo mukapatsira munthu vayirasi dzina la pulogalamu laipa mudzi wonse. Muziiyeza kawirikawiri. Magetsi akhoza kuthima pakati pa chionetsero, ndiye malaputopu abwere odzadza moto. Ndipo musafufute Office yomwe munthu ali nayo pokhapokha atapempha yekha. Ziwirizi zimakhala m'kompyuta imodzi popanda kukangana.

Kudzera mwa okonza makompyuta ndi a malo otaipira

Dzifunseni kuti ndani amasankha pulogalamu yomwe ili m'laputopu ya mphunzitsi wa ku Nsipe. Si mphunzitsiyo. Ndi mnyamata yemwe anamuikira Windows. Anthu amenewa ndi ochepa pa boma lililonse, amadziwana, ndipo zomwe zili pa fulashi yawo ndi zomwe boma lonse limagwiritsa ntchito. Mukakopa mmodzi, mwatsatsa kwa makasitomala ake onse osamata pepala ndi limodzi lomwe.

Mtengo: pafupifupi palibe, kupatula fulashi, kachikwangwani ka pa khomo kakuti "Timaika LibreOffice pano" ndi maulendo okacheza nawo.

Kupezeka: pa boma ndi m'matauni a m'mbali mwa msewu alipo, kumidzi yakutali ndi osowa, koma makompyuta a kumeneko amabwera kwa iwo omwewa akawonongeka.

Polankhula nawo musayambe ndi ulaliki wa malamulo a umwini, ngakhale lamulo la Copyright Act la 2016 lilipo. Yambani ndi phindu lawo. "Achimwene, ndi kangati kasitomala wabwerera kudzadandaula kuti Word yatseka, inu n'kumukonzera ulere?" Pamenepo mwayamba kumvana. Muwauzenso kuti laisensi siiletsa kulipiritsa ntchito yoika ndi yophunzitsa, ndiye mkate wawo suchepa. Ena adzakuuzani mosabisa kuti crack ikafa kasitomala amabweranso ndi ndalama, ndipo ameneyo simungamusinthe ndi mawu. Pitani kwa wina.

A malo otaipira ndi kusindikiza ndi ofunika pa chifukwa china. Wophunzira akalemba ntchito yake mu Writer n'kupita nayo kukasindikiza, tsamba likasokonekera pa kompyuta ya pamalopo, mlandu umagwera LibreOffice. Mankhwala ake ndi awiri: pamalopo pakhale LibreOffice, ndipo anthu aphunzire kupita ndi PDF, yomwe imatuluka chimodzimodzi paliponse.

Kusamalira: ubale. Muziwapititsira mtundu watsopano, muziwayankha akakanika.

Pogona ngozi: uthenga suli m'manja mwanu. Wina akhoza kuuza kasitomala kuti "iyi ndi Office yatsopano", kasitomala n'kudzakhumudwa. Wina akhoza kuiika osasintha zosungira mu docx. Kapepala kamodzi ka masitepe, komata pa khoma la shopu, kamachepetsa zimenezi.

Chimkuzamawu pa msika ndi zolengeza m'tchalitchi

Chimkuzamawu n'chotchipa ndipo chimapezeka, sichifuna kusamalira, koma pa nkhani iyi n'kutaya mawu. Chisiyireni ogulitsa mankhwala a makoswe. Chilengezo cha m'tchalitchi kapena mu mzikiti n'chosiyana pang'ono: sichidya ndalama, anthu amachikhulupirira, ndipo chimathandiza kuitanira anthu ku chionetsero. Ngozi yake ndi yoti wowerenga zolengeza adzapunthwa pa dzinalo, choncho mulembereni mmene angalitchulire.

Zoti musalonjeze, njira iliyonse yomwe mwasankha

Musanene kuti ndi chimodzimodzi ndi Microsoft Office. Mafayilo a Excel okhala ndi ma macro ovuta (timapulogalamu tolembedwa m'kati mwa fayilo kuti tizigwira ntchito tokha) sagwira onse mu Calc. Base si Access, pulogalamu ya Microsoft yosungira nkhokwe ya deta. Mulibe pulogalamu ya imelo yonga Outlook, ngakhale Thunderbird, yomwenso ndi yaulere, imagwira ntchito imeneyo. Wofunsa ngati pali boma lomwe limaidalira mungamuuze za chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany, chomwe mu 2024 chinatsimikiza zosamutsira makompyuta a boma pafupifupi 30,000 ku LibreOffice. Koma kunena zoona, mphunzitsi wa ku Lobi amakhutira msanga mukamutchulira sukulu yoyandikana nayo yomwe ikuigwiritsa ntchito, bola eni sukuluyo avomere kutchulidwa.

Nanga inu musankhe iti?

Ngati ndinu kalabu ya achinyamata yopanda ndalama koma ya anthu ambiri, yambani ndi okonza makompyuta awiri kapena atatu pa boma, kenako chionetsero kamodzi pa mwezi, mukuitanira anthu pa WhatsApp. Mapositala akhale ochepa, pa makomo a mashopu omwewo.

Ngati ndinu mphunzitsi wofuna kusintha labu ya sukulu, kutsatsa kwanu ndi kwa anthu osakwana khumi: ahedi, aphunzitsi anzanu, komiti. Chionetsero chimodzi ndi mafayilo a sukulu yomweyo n'chokwanira. Onaninso mabuku omwe ana akuwerenga pokonzekera MSCE. Ngati zithunzi zake zikuonetsa Word ndi Excel, ana aone zonse ziwiri kuti asakadabwe pa mayeso.

Ngati ndinu bungwe lokhala ndi bajeti ndipo mukufuna kufika madera monga Mtakataka, Kasina kapena Bawi, wailesi ya m'dera ili ndi malo ake, koma ilipireni pokhapokha tsiku, holo ndi anthu oika pulogalamu zitakonzeka. Facebook yolipira ibwere pomaliza, ndalama zikatsala.

Ngati muli ndi shopu yokonza makompyuta kapena yotaipira, chikwangwani cha pa khomo ndi pakamwa panu ndi zokwana. Ikani LibreOffice pambali pa zomwe kasitomala wapempha, mumuonetse kwa mphindi zochepa, mumuuze kuti tsiku lomwe inayo idzakane atsegule iyi.

Ndipo ngati ofesi yomwe mukuiganizira imayendera mafomu a Excel a ma macro otumizidwa kuchokera ku likulu, kapena nkhokwe ya Access yomwe yakhalapo zaka, musatsatseko kaye. Pemphani mafayilo awo awiri kapena atatu, mukawayese kunyumba, ndipo akakanika auzeni kuti pa ntchito imeneyo akhale ndi yomwe ali nayo, agule laisensi yake.